Pitikoti ya aNankhoma

Kalekale, koma osati kale la mikondo ndi zikopa ayi, kale la dzanadzanali pamene sopo anayamba kuyankhula pa foni ngati munthu, ku Chinsapo kunali nyumba ya mdadada ya zitseko zisanu. Makoma ake anali a zidina ndipo sankafika kudenga. Wa chitseko chachitatu akayetsemula, wa chitseko chachinayi ankati pepani. Wa chitseko chachinayiyo ndinali ine.

Lachitatu lina m'mawa, ndikutakasa phala la mwana wanga, mawu anadumpha khoma.

"Milungu itatu mwana alibe dzina! Milungu itatu, a Levisoni! Ngakhale galu wa alandilodi ali ndi dzina."

"Ndiye ukukalipira ine? Analemba dzina la amayi pa Fesibuku ndani? Ndine?"

"Nanga anajambula ndani?"

"Ine ndinajambula matewera!"

"Maso anu anali kuti? Mukakhala pa njinga mumaona dzenje lili kutali uko, koma chinthu chopachikika pamphuno panu simunachione?"

Mbale inagwa pansi, khanda linayamba kulira, koma palibe anatsitsa mawu.

Okanganawo anali Levisoni, wa kabaza wa njinga yamoto, ndi mkazi wake Dolika, amene anali atangochira kumene mwana wawo woyamba, wamkazi. Kuti mumvetse chimene chinawayambanitsa, tibwerere m'mbuyo pang'ono.

Kunali kampani ina yopanga sopo wochapira wotchedwa Mbee. Makampani akale ankangoti gulani sopo wathu, n'kukhala chete. Awa ayi. Anatsegula tsamba pa Fesibuku n'kuikapo chithunzi chojambula pamanja cha mayi wonenepa, duku kumutu, manja m'chiuno, dzina lake Azakhali a Mbee. Azakhaliwo thupi analibe, koma pakamwa anali napo. Ankagemula amuna ovala malaya a kolala yakuda. Ankaseka anyamata amene amatha sabata ndi sokosi zomwezo. Tsamba la kampani ina likawaputa, ankalibwezera mpaka likhale chete. Ku kiyosiki ya madzi amayi ankafunsana kuti, "Mwamva zimene anena Azakhali lero?" ngati akunena munthu wa mumpanda momwemo. Tinkaseka tonse, tisanamizane. Kuseka kumakoma pamene akusekedwayo simukumudziwa.

Dolika atachira, amayi ake aNankhoma anabwera kuchokera ku Mitundu kudzamusamala m'chikuta. Anali mayi wamasiye, wolima mtedza, wosaonetsa mano kwa anthu osawadziwa. Anafika atasenza thumba la mbatata, m'manja kathumba ka nsinjiro. Mabanja awiri anagwirizana kale pa chinkhoswe kuti mwana woyamba adzamutcha dzina ndi iwowo, ndipo dzinalo anabwera nalo, koma sanauze munthu.

"Mchombo ugwe kaye," anatero. "Lamlungu tikaweruka kutchalitchi mudzalimva."

Iwo ndi mkamwini wawo ankapewana monga mwa mwambo. Levisoni akalowa, iwo ankatuluka. Moni ankapatsana wina atayang'ana kuno wina uko. Zovala zawo zamkati ankachapa okha, ndipo poyanika ankaziphimba ndi chitenje pamwamba kuti diso la mwamuna lisagwerepo. Pa zovalazo panali pitikoti imodzi yakale, yotuwa, ya zigamba zitatu zosiyana mitundu, lesi yake ikulendewera. Anawagulira malemu amuna awo chaka chimene fodya anayenda bwino, ndipo zoitaya sizinawabwererepo m'mutu.

Sabata yomweyo Azakhali a Mbee analengeza mpikisano. "Tionetseni chingwe chanu! Amene zochapa zake zawala kuposa onse alandira katoni ya sopo."

Tsono mverani zimene anachita anthu atatu.

Woyamba ndi Levisoni. Lachisanu masana anabwera kudzadya, n'kupeza matewera khumi ndi awiri ali mbee pachingwe, ochapa apongozi ake. Anaganiza za sopo amene khanda limamaliza pa sabata, anatulutsa foni. Mphepo inali itagwetsa chitenje chija, ndipo pitikoti inali poyera kumapeto kwa chingwe. Iye akuti sanaione. Mwina n'zoona, pakuti mwamuna akayang'ana chinthu chimodzi chachiwiri sachiona. Koma sanafunse munthu, sanaonetse mkazi wake, ngakhale kuchiyang'ananso chithunzicho sanachiyang'ane. Anatumiza ali chiimire, n'kulowa kukasamba m'manja.

Wachiwiri ndi Azakhali a Mbee. Analandira zithunzi mazanamazana, zingwe zoyera zokhazokha, mashiti, mayunifomu, matawulo. Zonsezo anazidumpha, anasankha ichi. Pitikoti ija anaizunguliza ndi mzere wofiira n'kulemba kuti:

"Matewerawo mbee, taonadi, manja m'mwamba. Koma abale, iyo ili kumapetoyo ipatseni penshoni! Yagwira ntchito m'maboma anayi. Sopo wathu amachotsa litsiro, ukalamba sachotsa."

Dzuwa lisanalowe anthu anali atachigawana dziko lonse. Wina analemba kuti inaona njala ziwiri ndi chigumula. Wina anati aipereke ku sukulu ana aziphunzirirapo mapu a Malawi. Koma tamverani bwino apa. Mpaka nthawi imeneyo pitikotiyo inalibe mwini. Dzina la wotumiza silinaikidwe, nkhope ya munthu panalibe, nyumba sinaoneke. Inali nsalu chabe ikuuluka pachingwe cha munthu wosadziwika.

Wachitatu ndi Dolika. Loweruka m'mawa akuyamwitsa anatsegula foni, anaona anthu akuseka, naye anayamba kumwetulira. Kenako anazindikira chigamba chobiriwira chimene anasokerera yekha ali mtsikana. Sanadikire mwamuna wake, sanaitane ngakhale ine amene ndinali kuseri kwa khoma. Ndi dzanja limodzi, lina litagwira mwana, analemba pansi pa chithunzicho:

"Anthu opanda ulemu inu! Imeneyo ndi ya amayi anga aNankhoma a ku Mitundu, anabwera kudzandisamala nditachira. Inuyo amayi anu mumawaseka choncho? Chotsani msanga!"

Pa tsamba lake la Dolika panali chithunzi cha pa ukwati, iye ndi amayi ake atagwirana mapewa. Anthu anachipeza nthawi yomweyo, n'kuchilumikiza ndi chija. Azakhali a Mbee m'malo mochotsa anayankha kuti, "Pepani achemwali, musatimenye. Mutiperekere moni kwa aNankhoma, muwauze kuti penshoni ili m'njira."

Masana a tsiku lomwelo aNankhoma anapita ku kiyosiki ndi ndowa, osadziwa kanthu. Amayi a pamzere anakhala chete onse pamodzi, chete woipa uja. Kumbuyo wina anatsokomola, wina ananong'ona kuti, "Ndi omwewa aPenshoni." Mayi wina wachifundo, kapena wamiseche, sindikudziwa, anawakokera pambali n'kuwaonetsa foni. Anayang'ana nthawi yaitali. Kuwerenga sadziwa, koma chovala chawo anachidziwa, ndipo mzere wofiira sufuna sukulu. Ndowa anaisiya pomwepo.

Atafika kunyumba foni yawo yaing'ono inali ikulira kale. Anali amayi anzawo a kutchalitchi kumudzi, kufunsa ngati n'zoona.

Sanalire. Anamanga katundu wawo m'chitenje, anakhala pampasa, n'kuitana mwana wawo. Levisoni anaima panja kuseri kwa chitseko, pakuti ngakhale pa tsiku ngati limenelo sakanakhala nawo maso ndi maso.

"Dolika, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi zinayi. Palibe mwamuna anaonapo chovala changa chamkati kupatula bambo ako. Lero achiona a ku Mzuzu, achiona a ku Joni, abusa anga achiona. Ndinabwera kudzachapa matewera. Mwandivula pamsika."

"Amayi, ine ndimakuikirani kumbuyo..."

"Khala chete, ndikuyankhula. Dzina la mwanayu lili m'kamwa mwangamu, ndipo ndikupita nalo. Mukamutcha nokha, dziwani kuti mwandiika m'manda ndili moyo, pakhomo panga musadzapondenso. Amene anandivula abwere yekha ku Mitundu adzandiveke. Mmodzi. Mukabwera gulu ndiye kuti mukubisana. Mukatumiza wosalakwa ndiye kuti mukundiyesa chitsiru, ndipo chitseko sindidzatsegulanso kachiwiri. Ndidikira Malamlungu atatu. Akadutsa, dzinali ndidzagona nalo."

"Nanga ndani, amayi? Tiuzeni, wolakwayo ndani?"

"Ukundifunsa ine? Munali ndi nzeru zondionetsa dziko lonse, nzeru zodziwa wolakwa mulibe?"

Anamuyang'ana mdzukulu wawo kamodzi, sanamunyamule. Levisoni anafuna kuwaperekeza pa njinga kudepoti, koma anamudutsa ngati chitsa.

Lolemba lake pakhomo panaima galimoto yoyera yolembedwa Mbee. Munatuluka bambo wa ndevu, wa magalasi, atanyamula katoni ya sopo, pamwamba pake pitikoti yatsopano m'pepala lonyezimira, yomanga riboni. Kumbuyo kwake kunali mnzake ndi kamera paphewa. Mdadada wonse unatuluka.

"Muli bwanji mayi? Dzina langa ndine Dezimondi. Ndine amene ndimalemba za Azakhali a Mbee."

Anthu anayang'anizana. Azakhali aja, amene amayi ankawatchula ngati mnzawo wa kumtondo, anali mwamuna wa ndevu.

"Tabwera kudzapereka penshoni ija," anatero akumwetulira. "Agogo ali kuti? Angoilandira n'kuseka pang'ono, mnzangayu ajambule, nkhani ithe bwino. Anthu akufuna kuwaona."

Dolika anali pakhonde akutsukuluza matewera. Anaimirira pang'onopang'ono.

"Mwabwera kudzawajambulanso?"

"Mayi, timvetsetsane. Chithunzi munatumiza nokha. Malamulo a mpikisano tinalemba pansi pake, kuti Azakhali anena chimene afuna. Dzina la munthu ine sindinatchule. Ntchito yanga ndi kuseketsa anthu, ndipo aliyense pano wakhala akuseka nafe chaka chonse. Kapena ndikunama?"

Pamenepo ndiye sankanama.

"Simunaone kuti ndi chovala cha munthu wamkulu?"

"Ndinaona nsalu, mayi. Pa foni sipaoneka munthu."

"Nditakuuzani kuti ndi ya amayi anga, munaonabe nsalu?"

Pamenepo Dezimondi anangokankhira katoni kutsogolo. Dolika ananyamula beseni la madzi a matewera. Wa kamera anali wochenjera, anathawa msanga. Dezimondi anakwera galimoto ndevu zikudontha, katoni ndi riboni yake zikuyandama pabwalo.

Chithunzi a kampani anachichotsa tsiku lomwelo, koma anthu anali atachisunga kale m'mafoni mwawo. Madzi akatayika saoleka. Ku Mitundu, tinamva, aNankhoma analeka kupita kumsika, ndipo Lamlungu ankakhala benchi yakumbuyo, duku litatsika mpaka m'maso. Ku sikelo mlangizi anafunsa dzina la mwana, Dolika anangoyang'ana pansi. Mlangiziyo anadikira, cholembera m'mwamba, kenako analemba kuti mwana wa Dolika. Pa mdadada pathu tinasowa kowaitanira. Amake ndani? Bambo ake ndani? Tinkangoti achitseko chachitatu.

Patapita masiku, Lachiwiri, Dezimondi anabweranso. Ulendo uno anabwera wapansi, wopanda kamera, wopanda katoni, ndipo anakhala pa njerwa panja mpaka Levisoni ataweruka.

"Achimwene," anatero, "chithunzi chija chinafika kwa amayi anga ku Balaka. Anaseka. Nditawauza kuti analemba ndine, anandifunsa kuti, ya ine udzaijambula liti? Kuyambira tsiku limenelo foni yanga sakuyankha. Ku ofesi akusangalala, akuti sopo sanayendepo chonchi. Koma ine ndamva zimene ananena agogo aja. Ngati akufuna munthu mmodzi, ndipita ndine, ndekha, ndikagwade."

Levisoni anangoti wamva.

Nkhani imeneyo ndi imene inabutsa mkangano wa Lachitatu uja, kutatsala masiku anayi kuti Lamlungu lomaliza lifike. Phala langa linapserera ndikumvetsera.

"Apite wa ndevuyo," anatero Levisoni. "Wadzipereka yekha. Popanda mzere wofiira uja ndani akanaiona? Zithunzi zinali mazana, anasankha dala."

"Apite mlendo? Amayi sanamuonepo, Azakhali a Mbee sawadziwa, Fesibuku saidziwa. Akafika adzati, mwandilembera waganyu wodzapepesa. Ndiye chitseko n'kutseka. Mukudziwa bwanji kuti sanatumidwe ndi abwana ake, kamera ili m'thumba? Munthu woseka pamaliro ameneyo?"

"Chabwino. Ndipita ine."

"Inu?"

"Si umafuna zimenezo? Chiyambire m'mawa ukuti anajambula ndani, anajambula ndani. Ndinajambula ndine! Chithunzi chinatuluka m'nyumba muno ndi dzanja langali. Galu akalowa m'nyumba, mlandu ndi wa amene anasiya chitseko chosatseka."

"Ndiye mukafika mukanena chiyani? Mukagwada pamaso pa apongozi anu n'kutchula chovala chimenecho ndi pakamwa panu? Mkamwini? Ndi manja anuwo mukawapatsa chovala chamkati? Kumeneko ndiye kuwavula kachiwiri, mudzi wonse ukuonerera."

"Nanga ukufuna chiyani, mkazi iwe? Ndikakana, ndalakwa. Ndikavomera, ndalakwa."

"Ndikufuna mwana wanga akhale ndi dzina!"

Kenako Dolika anayankhulanso, ukali uli pomwepo.

"Ndipita ndine. Nsalu ija inali yopanda mwini, ndinaipatsa mwini ndine. Ndinatchula dzina, ndinatchula mudzi. Ndikanakhala chete, Lolemba anthu akanaiwala, akanakhala akuseka sokosi za wina. Amayi sakanadziwa n'komwe."

"Iwe ndiye usayerekeze. Pa anthu zikwi zonse zija amene anakwiya unali iwe wekha. Ena tonse tinali kuti? Ukapita iwe, amayi adzati, taonani, mwana wanga wasenza mlandu wa mwamuna wake, amuna awiri abisala kumbuyo kwa mayi wa khanda. Wosalakwa amene ankanena uja ndi iweyo."

"Mukudziwa bwanji? Munawaona m'maso mmene ankandiyang'anira? Inu munali kuseri kwa chitseko. Ine ndinali pampasa."

"Ndiye tiwafunse amalume ako."

"Ndinawafunsa! Akuti mlongo wawo sakuyankhula, akungosenda mtedza. Ankhoswe anu akuti ndi wa sopo. Ankhoswe anga akuti ndinu. Amayi a pa kiyosiki akuti ndine, ati mkazi wa pakamwa. Aliyense ali ndi wake!"

"Amayi a pa kiyosiki! Omwe aja ankagawana chithunzicho? Lero asanduka oweruza?"

Pamenepo ine ndinachotsa poto pambaula mwakachetechete, pakuti pa ogawana aja ndinalipo.

Anakangana mpaka dzuwa linafika paliwombo. Levisoni sanatulutse njinga tsiku limenelo. Anatchulana zakale, za pa ukwati, za foni imene anagula Levisoni m'malo mwa matiresi, za mkamwa mwa Dolika mmene akuti simulowa ntchentche chifukwa simutsekeka. Koma ankazungulira n'kubwerera pomwepo. Anthu atatu, onse okonzeka kukwera minibasi, ndipo chitseko cha ku Mitundu chidzatsegukira mmodzi yekha, kamodzi kokha.

Kenako mawu anatha, osati chifukwa chogwirizana, koma chifukwa cha kutopa. Ndinamva mpeni ukugunda m'mbale, makala akuthetheka. Patapita nthawi fungo la futali linadumpha khoma lomwe lija.

Ndinatenga sefa yawo imene ndinabwereka, ndinapita kukabweza. Chitseko chinali chotsegula. Thumba la mbatata lija linali litagona pakona lopanda kanthu, ndipo Dolika anali atakutumulira mumphika nsinjiro zomaliza za amayi ake. Anapakulira m'mbale imodzi, anaika pampasa, anabweretsa madzi osamba m'manja. Sanamugwadire mwamuna wake monga amachitira masiku onse. Anangoika beseni pansi mwamphamvu mpaka madzi anatayikira.

Khanda linayamba kulira. Levisoni analinyamula, analiika paphewa, n'kumalisisita kumsana.

"Tonthola, tonthola..." Anaima pamenepo, pakamwa pali yasa, posowa chotchula. "Tonthola, iwe."

Dolika anatembenukira kukhoma. Kenako anakhala pansi, anakankhira mbale pakati.

"Idyani. Uzizira."

Anakhala moyang'anizana, mwana pakati pawo, aliyense maso ali m'mbale, n'kuyamba kudya mbatata zimene anasenza aNankhoma.

Ine ndinasiya sefa pakhomo n'kubwerera kwanga. Nkhaniyi ndaitula kwa inu, makamaka inu amene muli ndi mafoni m'manja, amene chala chanu chimathamanga kuposa mutu. Lamlungu layandikira, mwana alibe dzina, ndipo mukatumiza wosalakwa chitseko sichidzatsegukanso. Kodi akwere minibasi ya ku Mitundu ndani: Levisoni amene anatulutsa chithunzi m'nyumba osachiyang'ana, Dezimondi amene anachizunguliza mzere wofiira kuti sopo ayende malonda, kapena Dolika amene poikira amayi ake kumbuyo anawatchula dzina pamaso pa dziko lonse? Anawavula aNankhoma ndani?